Mabelu a Ottmar Rief ndi Mpango Wachikasu

Ottmar Rief anali ndi njinga zamoto zitatu zobwereketsa kwa alendo, ndipo zitatu zonsezo zinkagona pagalaja panga masiku ambiri kuposa amene zinkayenda pamsewu. Ine ndine Wendel, makaniko, ndakalambira m'mafuta muno mu Allgäu, dera la mapiri la kumalire ndi Austria. Ndiye ndikamati munthuyu anali mphawi, ndikunena zimene ndinaona ndi maso angawa: jekete lachikopa lazigamba, nsapato zomwa madzi, nkhomaliro ya buledi wouma ndi soseji imodzi yodulirana ndi mkazi wake Traudl.

Umphawi si mlandu. Chimene chinkandinyansa ine ndi diso lake. Tsidya la msewu kunali Poldi Gmeinder, mnzake wa kusukulu, mwini njinga khumi ndi zisanu, zija zazitali zokhala ndi mabokosi achitsulo m'mbali, zimene madokotala a mano a ku Hamburg amabwereka sabata imodzi kuti akadzitame kwawo kuti anagonjetsa mapiri. M'mawa uliwonse Ottmar ankaima pakhomo pake, kapu ya khofi kumanja, kuwerenga njinga za mnzake zikamatuluka. Milomo inkachita kugwedezeka. Khofiyo ankamwa atazizira.

Anthu amayesa mtengo wa njinga yotere ndi uja amalemba m'sitolo. Bodza lenileni! Pamenepo wangogogoda pachitseko. Tayala lakumbuyo likayenda makilomita 8,000 latha. Kukubwera tcheni, mabuleki, oyilo, kenaka kagalasi koonetsa liwiro kaja kangozima popanda chifukwa, kusintha kwake mayuro chikwi. Pofika chaka chachisanu njingayo waigula kawiri. Poldi ankadziwa zimenezi n'kumapatula ndalama yake. Ottmar ankazidziwanso, koma ankaziona ngati chipongwe chimene dziko likumuchita iye yekha.

"Wendel, tayala ili silingapirireko mwezi wina?"

"Limeneli? Lasalala ngati dazi lako. Ukufuna kupha mlendo?"

"Nanga Poldi amatani kuti zake zisamafe?"

"Zimafa bwinobwino. Amangozibweretsa nthawi yake n'kulipira osalira. Njinga imadya, Ottmar. Ngati sukufuna kuidyetsa, gula chithunzi chake upachike pakhoma."

Chabwino chimodzi chimene munthuyu anali nacho ndi mwana wake Vroni, namwino pachipatala cha m'tauni, mtsikana wa pakamwa pakuthwa woyendera kanjinga kofiira kakalekale. Tsiku limene Vroni anatenga laisensi, bambo ake anamupatsa mpango wachikasu, ine ndili pomwepo. Tonse okwera njinga kuno timayenda nawo m'thumba. Ukaumanga pa handulo ndiye kuti zakuvuta, ndipo wokwera aliyense wodutsa amaima, kaya akuthamangira ukwati wake womwe. Ottmar anamuuza mwana wakeyo kuti, "Ukauona umenewu usafunse kuti ndi ndani. Ima." Ndipo chaka chilichonse, tsiku limene amatsegula msewu wa pampata wa phiri wopita ku Austria chipale chofewa chitasungunuka, awiriwa ankakwera limodzi m'mamawa kukadya keke pamwamba.

Nyengo ya alendo itatha chaka china, njinga ziwiri zili gada pagalaja panga, Ottmar anakwera kumtunda kwa chigwa kwa Kreszenz. Zimene anakambirana kumeneko ndikuzidziwa chifukwa mwini wake masiku ano amazinena kwa aliyense womuima pafupi. Kreszenz anali nkhalamba yosula mabelu a ng'ombe, ntchito imene anasiyiridwa ndi bambo ake. Anthu ankapitako ndi njerewere, ndi ng'ombe zokana mkaka, ndi zina zimene sazitchula patebulo. Ottmar anamupeza masana akukoleza moto wa posulira.

"Mwana wa Rief," anatero Kreszenz osacheuka. "Ng'ombe ulibe. Wadzatani?"

"Mayi Kreszenz, ndatopa. Ndimagwira ntchito chaka chonse kudyetsa zitsulo. Ndikufuna njinga zosatha."

"Zosatha kulibe."

"Anthu amati inu mumadziwa."

"Anthu amalankhula. Chimene ndimadziwa ine n'chakuti kutha kwa chinthu sikutayika, kumangosamuka. Tayala lako likapanda kutha, la wina lithe. Tcheni chako chikapanda kuduka, cha wina chiduke."

"Cha ndani?"

"Cha amene ali patsogolo pako pamsewu. Ukumudziwa, sukumudziwa, chitsulo sichifunsa."

Munthu wamutu akanavala chipewa pomwepo n'kutsika. Ottmar anafunsa mtengo. Nkhalambayo inaseka, mano awiri okha.

"Zimene ukufunazo zili m'belu, koma belu la njinga saligula, ukudziwa wekha, limachita kupatsidwa. Bweretsa mpango wako."

Anautulutsa m'thumba. Kreszenz anauponya pamoto n'kuusonkhezera ndi mbaniro mpaka unapsa wonse. Kenaka anamupatsa belu limodzi longa chibakera cha mwana, ndi timabelu tating'onoting'ono todzaza chitini.

"Lalikululi pansi pa njinga yako, ting'onoting'onoti pa iliyonse imene ndi yako. Lalikululi lizilira pamsewu tsiku lililonse nyengo ya njinga, likagona zonse zagona. Ndiye mvetsetsa. Uzikumana nawo ovutikawo, mipango ili pa handulo. Usaime. Usabwerere. Tsiku limene phazi lako lidzaponde pansi pafupi ndi mpango wachikasu, zonse zimene njinga zako zinakana kudya zidzadya tsiku limodzi."

"Basi? Kungodutsa?"

"Kungodutsa, mwananga. Poyamba pokha ndi pamene pamavuta."

Poyambapo sipanavute n'komwe. Woyamba anali mzibambo wa ku Holland, tayala litaphwa pafupi ndi mlatho. Anakweza dzanja, Ottmar anawonjezera moto, belu likulira ngwee ngwee pansi pake. Madzulo ake anadya bwino.

Chaka chotsatiracho sanaponde pagalaja panga ngakhale kamodzi. Anatsitsa mtengo wobwereketsera ndi theka, alendo a Poldi n'kuyamba kuwoloka msewu. Nanga amene salipira tayala, salipira tcheni, salipira makaniko, angapikisane naye ndani? Njinga zitatu zinasanduka khumi, khumi zinasanduka makumi anayi. Anamanga nyumba ya magalasi okhaokha, kuti tizimuona akudya. Mimba inatuluka. Anagula jekete la mayuro zikwi ziwiri limene silinkatsekeka.

Tsiku lina anaima pagalaja panga kudzangodzionetsa.

"Wendel, ukadali m'mafuta? Sunafe?"

"Ndikudikira maliro ako kaye."

Akuseka, ine ndinagwada kuyang'ana tayala lake. Njinga inkaonetsa makilomita 90,000, koma tayala linali lija ndinaliika ndekha zaka ziwiri zapitazo, tindevu ta ku fakitale tikadali pomwepo. Ndinaona kabelu kakulendewera pansi pa injini, kakuda ngati katuluka pamoto dzulo.

"Ottmar, ichi n'chiyani?"

"Mphatso," anatero, n'kuliza injini.

Nthawi yomweyo chigwa chathu chinayamba kutchuka moipa. Matcheni atsopano ankaduka. Mabuleki oikidwa sabata yatha ankangoti phwa pansi. Alendo ankafika pagalaja panga atanyamulidwa ndi lole, ena ndi njinga zongotuluka kumene m'sitolo, akutukwana opanga, pamene opangawo analibe mlandu. Sindikana, inenso ndinadyapo pa matsoka amenewo, koma ine ndinkakonza osadziwa kumene akuchokera. Ndipo aliyense ankanena chimodzimodzi: panadutsa munthu wonenepa pa njinga yakuda, ndinamukodola, sanaime.

Chaka chachitatu chinagwera Poldi. Linali Lamlungu, Ottmar ali patsogolo, Vroni akumutsatira pa kanjinga kake kofiira. Pakona ina anapeza njinga ili chagada, mpango uli pa handulo, Poldi ali m'ngalande chiuno chitathyoka, gudumu lakutsogolo litamugwirira pa liwiro. Anthu awiriwa anakhala pa desiki imodzi zaka zisanu ndi zitatu. Ottmar anamuyang'ana m'maso n'kudutsa. Vroni ndiye anaima, n'kumugwira mpaka ambulansi inafika.

Traudl anandiuza zimene zinachitika kunyumba madzulo ake. Vroni analowa magazi a Poldi akadali m'manja.

"Ababa, simunamuone?"

"Dzuwa linali kumaso."

"Dzuwa lake liti? Kunali mitambo! Anakuitanani ndi dzina, ine ndinamva."

"Iwe ndiwe namwino, unaima, vuto lili pati? Ine ndikanathandiza chiyani?"

"Amene anandipatsa mpango uja ndi ndani? Si inu? Munati ndisafunse kuti ndi ndani."

"Khala pansi udye. Ndipo mawa usiye chiphakasa chako chija, usankhe njinga iliyonse mwa zanga."

"Zanuzo kwerani nokha. Ine zimandinunkhira."

Anatuluka, ndipo kwa zaka zinayi sanalankhulenso ndi bambo ake. Poldi anatsala wotsimphina, anagulitsa zonse. Okwera njinga a m'chigwa muno analeka kumutsitsira Ottmar dzanja la moni pamsewu. Mukuganiza anachita manyazi? Anatenga tepi yakuda n'kumata mbali yakumanja ya galasi la helemeti yake, mbali imene kumakhala m'mphepete mwa msewu, kuti ovutikawo asamawaone n'komwe. Ankati dzuwa limamupweteka diso. Munthu wamkulu, wa imvi, kudzimanga kumaso ngati hatchi yokoka ngolo!

Komabe mantha anali atamulowa. Asanatuluke m'nyumba ankayamba wafunsa Traudl kuti mwanayo lero ali kuntchito kapena pamsewu, ndipo wapita mbali iti. Ataona kuti tulo tavuta, anakweranso kwa Kreszenz.

"Mayi Kreszenz, ndipatseni kabelu ka mwana wanga."

"Mabelu amagwira pa zimene ndi zako."

"Mwanayo si wanga?"

"Unamugula kuti? Mwana si katundu. Muuze aziyenda kumbuyo kwako."

"Sandilankhula."

"Ndiye ima. Mawa lomwe, mpango woyamba umene uuone, ponda pansi. Zithera pomwepo, mwana wako aziyenda kulikonse kumene akufuna."

"Nanga njinga zanga?"

"Ndinakuuza kale. Zidzadya."

Ottmar anaima pakhomo la nkhalambayo kuwerengera pa zala: njinga makumi anayi, zaka zonsezo zosasintha kanthu.

"Ndipatseni chaka chimodzi. Ndikonze kaye zinthu."

"Tenga ziwiri," anatero Kreszenz, akupukuta mbaniro. "Ine sindithamangira kulikonse."

Chaka chimodzicho chinakhala zinayi. Nzeru imene anaipeza pamapeto ndi ya mbala: agulitse bizinesi yonse kwa anthu a mahotela ochokera ku Munich, alandire ndalama, kenaka akaime pa mpango uliwonse, njingazo zikafere m'manja mwa eni ake atsopano. Ogulawo panthawiyo anali ku Austria, ndiye anapangana kuti akumane kunyumba ya alendo ya pamwamba pa mpata, tsiku lotsegulira msewu, atsikire limodzi kudzaona njinga ndi kusainirana masana.

Sabata yomweyo Vroni anabweretsa kanjinga kake kwa ine. Ndinamuikira tcheni chatsopano ndi manja angawa, ndinachimanga, ndinachiyesa kawiri.

"Amalume a Wendel," anatero, poti ankanditchula choncho kuyambira ali kamwana, "amayi akuti ababa akusiya bizinesi ija. Mwina mutu wawabwerera. Lachinayi akutsegula msewu. Ndikufuna ndikawadikire pamwamba ndi keke, ngati kale."

"Wawauza?"

"Ndikawauza ayamba zokamba zambiri. Amayinso ndawaletsa. Angondipeza ndakhala."

Ndinamuuza kuti wachita bwino. Mawu amenewo ndidzafa nawo.

Lachinayi kunacha ndi kamvula kowaza, anthu ambiri anaimika ulendo. Ottmar anafunsa funso lake la masiku onse, Traudl n'kuyankha kuti mwanayo ali kuntchito, akumwetulira chamumtima. Chipata cha msewu anatsegula 7 koloko. Vroni anali woyamba kulowa. Wachiwiri, patapita mphindi makumi awiri, anali bambo ake.

Pakona yachisanu ndi chinayi tcheni cha Vroni chija chinaduka n'kukola gudumu. Kanjinga kanagwa m'mphepete chakumanja, chitsulo chotchinga m'mbali mwa msewu n'kumung'amba ntchafu. Kumeneko foni siigwira. Anali namwino, ankadziwa bwino chimene chikumuchitikira. Anadzimanga mwendo ndi lamba, anakwawa mpaka pa njinga, n'kumanga mpango pa handulo imene inaloza kumwamba. Kenaka anatsamira mwala kudikira wokwera woyamba, poti anaphunzitsidwa kuti woyambayo amaima.

Ottmar amati sanaone kanthu. Ine ndikuti tepi ija inali yopyapyala ngati zala ziwiri, ndipo chikasu chimaoneka ngakhale m'nkhungu. Anaona kuti pali munthu. Anangosankha kusadziwa kuti ndi ndani. Anatembenuzira mutu kumanzere, anawonjezera moto, belu likulira. Mumtima ankati lero ndi lomaliza.

Pamwamba anamwa khofi ndi ogula aja, anadya mazira, anajambulitsa zithunzi akugwirana chanza. Ola lathunthu. Mwini nyumba ya alendoyo anamufunsa kuti, "Nanga mwana wako uja? Anaimba dzulo kuti ndimusungire tebulo la pawindo, la anthu awiri." Ottmar anayankha kuti wasokoneza ndi wina, koma khofi anamusiya pomwepo n'kudzuka.

Anatsika iye patsogolo, ogulawo pambuyo pa galimoto lawo. Chimene chitsirucho sichinaganizire n'chakuti potsika, mbali ija inali kumanja imabwera kumanzere, kumene kulibe tepi. Pakona yachisanu ndi chinayi anaona zonse bwinobwino: kanjinga kofiira, bokosi lakumbuyo litatseguka, keke ili mbwee pamiyala, ndi mpango umene anagula yekha.

Pamenepo ndiye anaima. Patatha zaka zisanu ndi ziwiri phazi lake linaponda pansi, ndipo belu linaduka lokha n'kugubuduzikira kuphompho. Anathamanga, anagwada, anamuitana, anamugwedeza. Vroni anali atatsamira mwala, maso ali kumsewu, thupi likadali lofunda. Dokotala wa pa helikopita ananena pamaso pa onse kuti akanapezeka ndi munthu theka la ola m'mbuyomo, akanakhala moyo.

Njinga yake yakuda inafera pomwepo, ogula aja akuona: matayala anaphulika, oyilo anakhuthukira pamsewu wakuda ngati phala lopserera. Kumunsi, m'shedi yake, ine ndinapitako masana kukaona ndi maso. Njinga makumi anayi zinali zitakhala pansi pa malimu, matcheni ali mulu wa dzimbiri, mainjini atauma gwa. Sindinapezemo ngakhale bawuti imodzi yoti ndingaike pa wilibala. Ogulawo anabwerera ku Munich osatsanzika. Nyumba ya magalasi inapita. Traudl anasamukira kwa mchemwali wake, ndipo mpaka lero amadziimba mlandu wa bodza lija la m'mawa, mayi wosalakwa. Kreszenz atauzidwa anangoti, "Ndinamuuza kuti aime," n'kupitiriza kusula.

Amati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Kuno nkhuyu anadya wamkulu, wopotedwa mwana.

Ottmar sanafe, imfa inamukana. Nyengo ya njinga ikayamba amakwera wapansi mpaka pakona yachisanu ndi chinayi, atavala jekete lija, limene tsopano limatsekeka mpaka kutsala malo. Amamanga mpango wa Vroni pa ndodo n'kukhala pamwala uja. Mungayembekeze kuti anthu amamudutsa kuti alawe zake. Ayi. Onse amaima, a ku Holland, a ku Italy, madokotala a mano omwe. Amavula mahelemeti n'kufunsa kuti, "Chavuta n'chiyani, mnzathu? Njinga ili kuti?" Iye amawagwira mkono n'kuyamba kufotokoza za mabelu, kenaka amawafunsa kuti, "Inu mwaima bwanji? Simukuthamangira kanthu?" Akamuyankha kuti aona mpango basi, amalira ngati mwana. Poldi naye amaima, ndi mwendo wake wotsimphinawo, n'kumusiyira buledi ndi tchizi.

Inenso ndimaima, poti ndi mwambo wathu, koma helemeti sindivula ndipo chisoni ndilibe. Chisoni changa chinathera pa mtsikana amene ndinamuikira tcheni chabwino.

Ndiye inu a dyera, amene mukufuna kukwera osalipira, kukolola pamene simunathire thukuta, mveni. Chinthu chilichonse choyenda chimatha, ndipo kutha kwake kuli ndi wolipira. Wina akakulonjezani chuma chosadya kanthu, m'funseni kuti chizidya kwa ndani. Ottmar anafunsa, anauzidwa, n'kuvomera, poganiza kuti patsogolo pake pazikhala ana a eni okhaokha. Anakana kugula tayala la mayuro mazana awiri, analipira ndi mwana wake mmodzi yekhayo.